Kiyi wa Thiranki Yobiriwira

Chaka chilichonse mayeso a Fomu 4 akamayandikira, m'sukulu za sekondale za dziko lino mumachitika mwambo wina umene supezeka m'mabuku a mbiri yakale. Atsogoleri a magulu a ophunzira amatula pansi maudindo awo n'kuwasiyira anzawo a Fomu 3, kenaka gulu lonse limakonza kaphwando kotsanzikana ndi amene akuchokawo. Ife tinkangoti handova. Munthu aliyense amene adapondako kusekondale amaukumbukira mwambowu, kaya adali wa SCOM, wa YCS, wa Edzi Toto, wa kalabu ya zachilengedwe kapena wa zisudzo. Ambiri akamakamba za tsikuli amatchula Sobo wosungunulira m'ndowa, mabanzi ndi gule wa madzulo. Ine chimene chimabwera msanga m'mutu mwanga ndi kiyi, chifukwa m'chaka cha 1996 ndidakana kumpereka kwa masabata atatu athunthu.

Pano ndikufuna kulongosola mbiri ya mwambowu monga ndidauonera pasukulu ina yogonera komweko, ya anyamata ndi atsikana, m'chigawo chapakati. Ndidakhala pasukulupo kuyambira 1992 mpaka 1996, zaka zimene dziko la Malawi lidasintha kayendetsedwe ka boma. Ndikamakumbukira zaka zimenezo ndimaona kuti zimene zinkachitika m'holo ya sukulu yathu ndi zimene zinkachitika ku Zomba ndi ku Sanjika idali nkhani imodzi, ndipo kuti ife ana a sukulu tidali titayamba kale kuchita chinthu chimene akuluakulu a dziko chinkawakanika.

Tiyambe ndi funso ili: mwana wobadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 akadaona kuti mtsogoleri wamoyo, wathanzi lake, akunyamuka pampando kuti pakhale wina? Kumudzi kwathu ufumu ndi wa mpaka imfa. Mfumu ikagona, mbumba imakhala pansi n'kusankha mmodzi mwa ana a alongo ake, ndipo wolowa ufumuyo amalandira dzina mwini wake ali kale kumanda. Ku boma nako zidali chimodzimodzi. Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsogolera dziko lino polandira ufulu mu 1964, adakhala Pulezidenti mu 1966, ndipo mu 1971 adaikidwa kukhala Pulezidenti Wamuyaya. Kufunsa kuti adzalowa m'malo mwawo ndani udali mlandu woti munthu n'kukagona nawo ku Mikuyu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, ndipo mpaka lero ambiri amakhulupirira kuti nkhani ya wolowa m'malo idali pakati pa zifukwa zake. Umu ndi mmene dziko lidalili pamene ife tinkakula.

Gulu lathu lidali la zisudzo ndi zolembalemba. Magulu otere adali ndi mphamvu masiku amenewo chifukwa cha mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi umene bungwe la ATEM linkachititsa chaka ndi chaka. Sukulu zinkayambira kupikisana m'zigawo mpaka kukafika kundime yomaliza ya dziko lonse. Du Chisiza Jr., amene adadzayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, adatchukira m'mpikisano womwewu ali pasukulu ya HHI ku Blantyre, ndipo mnyamata aliyense wa m'gulu lathu ankalota kudzafanana naye. Koma kuchita zisudzo kudali kuyenda paminga. Lamulo la 1968 lidapatsa Censorship Board mphamvu younika masewero asanaonetsedwe pagulu, ndipo padalibe mphunzitsi wa Chingerezi amene sadamve za kumangidwa kwa mlakatuli Jack Mapanje mu 1987. N'chifukwa chake a patironi athu ankawerenga mzere uliwonse wa sewero atagwira cholembera chofiira m'manja.

Chuma chonse cha gululi chinkakhala m'thiranki yachitsulo yobiriwira imene inkasungidwa m'kachipinda ka kuseri kwa holo. M'kati mwake mudali zitenje zingapo, jekete lakuda la mfumu, chipewa cha mesenjala, ndevu za khonje, mchira wa sing'anga, lichero ndi nyali ya galasi losweka. Ng'oma inkakhala pamwamba pa thirankiyo poti mkati sinkakwanamo. Pansi penipeni pamakhala buku lalikulu la chikuto cholimba mmene mlembi ankalembamo zokambirana, ndalama zolowa ndi zotuluka, komanso mndandanda wa katundu. Kuseri kwa chikuto chake kudali mayina a matcheyamani onse, aliyense ndi chaka chake, kuyambira 1983. Kiyi wa thirankiyi adali mmodzi yekha, ndipo ankamsunga ndi tcheyamani. Bukuli ndidaliwerenga lonse ndili Fomu 3, ndipo zambiri zimene ndikulemba za zaka zimene ndidali ndisanafike pasukulupo ndidazipeza mmenemo.

Masamba a zaka za m'ma 1980 amasonyeza kuti chisankho padalibe. A patironi ankaitana komiti yotuluka, kumva maganizo ake, kenaka n'kulengeza mayina a atsogoleri atsopano. Zokambirana za tsiku la handova zinkayamba ndi kuthokoza Ngwazi chifukwa cha utsogoleri wake wanzeru, ndipo tcheyamani wotuluka ankalangiza womlowa m'malo kuti asunge ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pamndandanda wa alendo sipankalephera dzina la mlangizi wa Apayoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers lidakhazikitsidwa mu 1963, ndipo sukulu zambiri za sekondale zinkakhala ndi mlangizi wake amene ankaphunzitsa kuguba, masewera olimbitsa thupi ndi ziphunzitso za Ngwazi, komanso kutsogolera ntchito za Sabata ya Achinyamata. Aliyense ankadziwanso, ngakhale sizinkanenedwa, kuti mkuluyu adali khutu la boma pasukulupo.

Komabe, pakati pa mantha onsewa, kuseri kwa chikuto chija kunkaonjezereka dzina latsopano chaka chilichonse. Chithunzi cha pakhoma la holo chidali chomwechomwecho zaka zonsezo, koma pansi pake mnyamata mmodzi ankanyamuka pabenchi n'kupatsa mnzake kiyi. Sindinganame kuti akuluakulu athuwo ankachita izi chifukwa chokonda demokalase, mawu amene ambiri a iwo sakadayerekeza n'kuwatchula komwe. Chidawachotsa pampando ndi mayeso. Malo a ku Yunivesite ya Malawi adali ochepa, ndipo yunivesite ya boma idali yokhayo mpaka pamene ya Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1997. Tsono teremu yachitatu ikayamba, aphunzitsi aakulu ankalamula kuti wa Fomu 4 aliyense asiye zamakalabu n'kugwira mabuku. Malire a nthawi ya utsogoleri amene malamulo a dziko adalibe, ife ankatiikira ndi a MANEB.

Ndidafika pasukulupo mu Okutobala 1992, dziko litayamba kale kugwedezeka. Pa 8 Malichi chaka chomwecho kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mu Epulo a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. M'buku lathu masamba awiri a chaka chimenecho adali ong'ambidwa. Akuluakulu a Fomu 4 adatinong'oneza kuti pamasambawo padalembedwa zokambirana za sewero lina la mfumu yokalamba imene nduna zake zinkaibisira kuti m'mudzi muli njala. A patironi atamva kuti apolisi ayamba kufufuza m'masukulu anthu osunga makalata oletsedwa, adang'amba masambawo n'kuwatentha pamodzi ndi sewerolo.

Handova yoyamba imene ndidaona ndi maso anga idachitika mu Meyi 1993, kutatsala mwezi umodzi kuti kuchitike riferendamu ya pa 14 Juni. Masiku amenewo nkhani m'mahositelo idali ya nyali ndi tambala wakuda basi. A patironi atanyamuka kuti alengeze mayina monga mwa nthawi zonse, mnyamata wina wa Fomu 3 adaimika dzanja n'kupempha mwaulemu kuti chaka chino gulu lisankhe lokha. M'holo mudati zii. Mlangizi wa Apayoniya adali pomwepo. A patironi adayang'ana pansi kanthawi, kenaka adati palibe vuto, tituluke panja. Opikisana atatu adaima pabwalo la mpira atatifulatira, ife n'kukandanda kumbuyo kwa amene tikumfuna.

Ndiyenera kuulula kuti voti yanga yoyambayo sidali ya mtima wanga. Masiku amenewo wa Fomu 1 adali kapolo wa aliyense: kuchapa, kutunga madzi, kupereka ndiwo zake za nyama Lachitatu. Mmodzi mwa opikisanawo ankagona hositelo imodzi ndi ine, ndipo ndidadziwa kuti akangotembenuka n'kundiona pamzere wa wina, usiku umenewo sindigona. Ndidakaima kumbuyo kwake miyendo ikunjenjemera, ndipo adapambana. Patapita mwezi, anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adavotera zipani zambiri mwachinsinsi, ndipo pamenepo ndidamvetsa chifukwa chake chinsinsi cha voti chidali nkhani yaikulu.

Chakumapeto kwa 1993 zinthu zidathamanga. A Kamuzu adakachitidwa opaleshoni ku South Africa mu Okutobala, dziko n'kukhala m'manja mwa komiti ya anthu atatu yotsogozedwa ndi a Gwanda Chakuamba. Nyumba ya Malamulo idachotsa upulezidenti wamuyaya. Kumayambiriro kwa Disembala, asilikali atawomberedwa ndi Apayoniya ku Mzuzu, gulu lankhondo lidayamba kulanda zida za Apayoniya pa zimene zidatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri a iwo adathawira ku Mozambique. Titabwerera kusukulu pambuyo pa Khirisimasi, mlangizi wathu uja kudalibe. Adachoka usiku, osatsanzika, makiyi a kachipinda ka mipira ndi maneti ali m'thumba. Aphunzitsi adachita kuthyola chitseko. Munthu amene adakhala nawo pamahandova onse a zaka khumi adachoka popanda womuombera m'manja. Ngakhale tinkamuopa, ena a ife tidamumvera chisoni.

Handova ya 1994 idagwa Loweruka lotsatira chisankho cha pa 17 Meyi. Sabata imeneyo tidadzazana m'chipinda cha mnyamata wina amene adali ndi kawailesi ka mabatire, ndipo tidamva mawu a a Kamuzu pa MBC akuvomera kuti agonja ndi kuwafunira zabwino a Bakili Muluzi, zotsatira zonse zisanalengezedwe. Munthu anganene zambiri za ulamuliro wa zaka 30 uja, ndipo zambiri mwa izo n'zowawa, koma tsiku limenelo nkhalambayo idachita chinthu chimene ambiri sadayembekeze. Loweruka lija ifenso tidavota mwachinsinsi kwa nthawi yoyamba. Mlembi adang'amba timapepala m'kope, aliyense n'kulemba dzina, kupinda, n'kuponya m'katoni ya choko. Mavoti adawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Kuyambira tsiku limenelo zokambirana za m'buku zidasiya kuyamba ndi kuthokoza Ngwazi. Zinkangoyamba ndi pemphero.

Mwambo wake weniweni, monga udakhazikikira m'zaka zimenezo, unkayenda motere. Patapita sabata chisankho chichitikire, gulu linkasonkhana m'holo Loweruka masana. Komiti yotuluka inkakhala pabenchi lakutsogolo, yatsopano pabenchi lachiwiri. Msungichuma ankawerenga lipoti lake, kenaka n'kukhuthula ndalama patebulo kuti msungichuma watsopano aziwerenge mpaka tambala yomaliza. Thiranki inkatsekulidwa, mlembi akuitana katundu mmodzimmodzi monga adalembedwera m'buku, wina akukweza m'mwamba kuti onse aone. Chitenje chikasowa, tcheyamani ankafotokoza pomwepo. Zikatha izi, tcheyamani wotuluka ankalemba yekha dzina la womlowa m'malo kuseri kwa chikuto, kumpatsa buku, kumpatsa ng'oma, ndipo pomaliza kumpatsa kiyi. Atatero komiti yonse yakale inkanyamuka kukakhala pabenchi lakumbuyo kwenikweni, kumene kunkakhala a Fomu 1.

Kutsanzikana kunkabwera pambuyo pake. A Fomu 1 ankapatsidwa bwalo kuti achite kasewero kotsanzira akuluakulu otulukawo, kayendedwe kawo, kalankhulidwe kawo ndi nkhanza zawo zomwe. Lidali tsiku lokhalo pachaka limene mwana ankatha kuseka wamkulu popanda kulipira usiku. Kenaka aliyense wa Fomu 4 ankalandira kamphatso, cholembera, rula ndi khadi yomufunira mafuno abwino pamayeso, zogulidwa ndi masenti amene tinkasonkha. Mawu otsanzika ankalankhulidwa, ena akulira, makamaka amene ankadziwa kuti akachoka pano akupita kumudzi ndipo anzawowa sadzawaonanso. Madzulo kumakhala Sobo ndi mabanzi, wailesi ya kaseti ikuimba Lucius Banda, Lucky Dube ndi kwasakwasa mpaka belu la nthawi yogona.

Mu 1995 gulu lidandisankha kukhala tcheyamani, ndipo dzina langa lidakhala la nambala 13 kuseri kwa chikuto. Chidali chaka chimene malamulo atsopano oyendetsera dziko adakhazikitsidwa kwathunthu, ndi ndime yake yonena kuti pulezidenti asapitirire materemu awiri otsatizana a zaka zisanuzisanu. Potengera zimenezi ifenso tidalemba malamulo a gulu lathu, masamba atatu. Ndime yonena kuti komiti izikhala chaka chimodzi, ndi kuti katundu yense aziperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri chisankho chitachitika, ndidailemba ndine ndi dzanja langali. Chaka chathu chidayenda bwino. Tidafika pampikisano wa chigawo, tidagula zitenje zatsopano ndi ndalama za pakhomo, ndipo mamembala adachuluka. Ana a Fomu 1 ankandipatsa njira akundiitana kuti a Tcheya. Kiyi ndidammangirira kuchingwe n'kumamuvala m'khosi, ndipo pang'onopang'ono ndidayamba kuyankhula za gululo ngati munda wa bambo anga.

Nthawi ya chisankho cha 1996 itakwana, ndidali nditasankha kale wondilowa m'malo: mnzanga wa Fomu 3, wochokera boma limodzi ndi ine, amene ndinkadziwa kuti azidzandifunsa chilichonse. Ndidamuyendera kampeni m'mahositelo usiku. Koma atsikana, amene tsopano adali oposa theka la gulu, adaimika mnzawo, mtsikana wachete amene chaka chonse adali wachiwiri kwa mlembi ndipo ndiye ankasoka zovala zathu zikang'ambika. Katoni ya choko itakhuthulidwa, iye adapeza mavoti 31, mnzanga uja 22. Chiyambire 1983 kuseri kwa chikuto kudali kusanalembedwepo dzina la mtsikana.

Ndidaomba nawo m'manja, koma mumtima mudali moto. Loweruka la handova litafika ndidauza a patironi kuti kiyi wasowa ndipo ndikumfunafuna. Sabata yachiwiri ndidati mwina ndidamsiya kwathu patchuthi. Kiyiyo adali m'sokosi pansi pa sutikesi yanga. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza gulu, kuti mtsikanayo sangathe kulamula anyamata a Fomu 3, kuti akaona zovuta atula yekha udindo. Lero ndikudziwa kuti chimene ndinkaopa ndi benchi lakumbuyo lija. Kwa masabata atatu gulu silidachite kalikonse, phwando lotsanzikana lidaimitsidwa, ndipo anzanga a Fomu 4 amene sadalakwe kanthu adayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Sabata yachitatu a patironi adatiitana tonse awiri kuofesi kwawo. Buku lidali kunja kwa thiranki chifukwa mlembi adali nalo pokonzekera lipoti, ndipo lidali patebulo pawo. Adalitsekula kuseri kwa chikuto n'kunditembenuzira.

"A Tcheya, tawerengani mayinawa mokweza."

Ndidawerenga onse 12 a patsogolo panga.

"Mwa anthu amenewa, ndani adapita ndi kiyi kwawo?"

"Palibe, Sala."

"Ena mwa iwo adali anzeru kuposa inu, ena adali mbuli zenizeni. Ena adasiyira anthu amene sankawakonda. Ine ndaona onsewa akubwera n'kupita, ndipo gulu lilipobe."

Ndidangoti chete, maso ali pansi. Apo mtsikana uja adayankhula, mawu ake otsika ngati nthawi zonse.

"Achimwene, ngati kiyi wasowadi palibe mlandu, tithyola loko n'kugula wina. Koma ine ndiyenera kulemba m'bukumu chifukwa chake tawononga ndalama za gulu. Ndilemba kuti loko adathyoledwa poti tcheyamani wa 1995 adataya kiyi."

Mawu a a patironi adandichititsa manyazi, koma a mtsikanayu ndi amene adandithyola msana. Ndidali nditawerenga buku lonselo, ndipo ndinkadziwa mmene ndinkawaweruzira anthu amene sindidawaonepo potengera mizere iwiri yolembedwa za iwo. Ndidaona mwana wina wa Fomu 3 wa zaka za m'tsogolo akuwerenga mzere umenewo pansi pa dzina langa. Madzulo omwewo kiyi adapezeka.

Handova idachitika Loweruka lotsatira. Ndalama zidakwana, katundu adakwana. Ndidalemba dzina la mtsikanayo pa nambala 14, ndidampatsa buku, ng'oma ndi kiyi, ndipo ndidayenda mtunda wautali uja kuchoka kutsogolo kukafika kubenchi lakumbuyo. A Fomu 1 sadandikhululukire. Kamnyamata kena kadatulukira katavala jekete la mfumu, kiyi wamkulu wa katoni ali lendelende m'khosi, kakufunafuna kiyiyo pansi pa mabenchi, m'matumba mwa anthu ndi m'ndevu za khonje, kakulumbira kuti wabedwa ndi afiti. Holo yonse idagwa ndi phwete. Poyamba nkhope idandiyaka, kenaka ndidapezeka ndikuseka nawo mpaka misozi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Chaka chimenecho gulu lidachita bwino kuposa chaka changa, ndipo nkhaniyi ndidaimvera kumudzi ndikudikira zotsatira za mayeso.

Zaka zotsatira zidandionetsa kuti matenda amene adandigwira ndili ndi zaka 18 sasankha msinkhu. Mu Julayi 2002 Nyumba ya Malamulo idavotera bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti, ndipo idalephera ndi mavoti atatu okha, mipingo ndi mabungwe atakana kolimba. Mu Epulo 2012, a Bingu wa Mutharika atamwalira, padapita masiku awiri a nkhawa mayi Joyce Banda asanalumbiritsidwe monga malamulo ankanenera. Mu 2020 zidatengera khoti kuti chisankho cha 2019 chibwerezedwe. Mu Seputembala 2025 a Lazarus Chakwera adavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe, monga zidachitikira mu 1994. Nthawi zonsezi kiyi adaperekedwa ndithu, nthawi zina mwaulemu, nthawi zina mochita kukoka. Pa atsogoleri, aphungu, oweruza, asilikali ndi anthu wamba amene adaumirira kuti malamulo atsatidwe, ndikhulupirira kuti ambiri adakhalapo pabenchi lina m'holo ina akuonerera mnzawo akuwerenga ndalama patebulo.

Pantchito yanga ya m'boma ndasamutsidwapo kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndimayenera kulemba malongosoledwe a ntchito osiyira wondilowa m'malo. Ndalowapo muofesi mmene mnzanga adachoka ndi makiyi a kabati, mafayilo ena osaoneka, iye osayankha foni, kuti aliyense aone kuti popanda iye zinthu siziyenda. Sindimupsera mtima kwambiri munthu wotere chifukwa ndimamudziwa. Sokosi yake ndidaivalapo. Chimene ndimachita n'kuonetsetsa kuti pochoka ine, wobwerayo apeze zonse zolembedwa, ngongole ndi zolakwa zanga zomwe.

Mwambo wa handova ulipobe, ndipo wakula. Maphunziro aulere a pulayimale amene adayamba mu 1994 adachulukitsa ana ofika kusekondale, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo a MCDE adasanduka sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, chilichonse ndi makalabu ake. Posachedwapa ndidaitanidwa ngati kholo kumwambo wotere pasukulu ya mwana wanga. Zidali zokongola: keke, zovala zofanana, zokuzira mawu, mlendo wolemekezeka, zithunzi za pafoni zosawerengeka. Otuluka adalandira masatifiketi ndipo atsopano adavekedwa malamba a nsalu. Koma msungichuma sadawerenge lipoti, katundu sadaitanidwe, ndipo otulukawo adakhalabe kutebulo lapamwamba mpaka mwambo kutha. Nditafunsa mtsikana amene adasankhidwa kukhala wapampando kuti buku la gulu lili kuti, adandiuza kuti zonse zili m'foni ya mlembi wakale, ndipo amutumizira akapeza mpata.

Sindikudana ndi keke, ndipo sindikunena kuti masiku athu a nyemba zofumbwa ndi nkhanza za m'mahositelo adali abwino. Pempho langa kwa aphunzitsi amene akuyang'anira magulu a ana athu ndi laling'ono. M'mera mpoyamba. Gulani buku la chikuto cholimba, mayina alembedwe kuseri kwake. Ndalama ziwerengedwe patebulo anthu akuona, ngakhale zitakhala zochepa chotani. Wotuluka alembe yekha dzina la womlowa m'malo, ngakhale amene sadamuvotere, kenaka anyamuke akakhale kumbuyo, ana amuseke pang'ono, ndipo pomaliza amuthokoze ndi mtima wonse chifukwa cha chaka chimene watumikira. Mwana amene wachita zimenezi ali ndi zaka 18 sadzadabwa nazo ali ndi zaka 60.

Zaka zingapo zapitazo ndidakumana ndi mayi uja wa nambala 14 pamaliro a mmodzi mwa anzathu a m'gululo. Titakambirana za ana ndi za ntchito, ndidalimba mtima n'kumufunsa chimene adalemba m'buku za masabata atatu aja. Adaseka, n'kundiuza kuti adalemba mzere umodzi wokha: kuti handova idachedwa, ndipo katundu yense adaperekedwa wokwanira.